Lilime la Mayi Perpetua

Dzuwa litapendeka, Perpetua anakwera padenga kukaanula chimera. Chipika chokwererapo chinali chitasalala ndi mapazi a zaka zambiri, koma iye ankachidziwa ngati mano a m'kamwa mwake. Atafika pamwamba anagwada n'kuyamba kukokera mapira omerawo pamodzi ndi chikhatho, akutafuna kambewu kamodzikamodzi kuti amve ngati auma bwino.

Ntchito yake inali imeneyi kwa zaka makumi atatu: kunyika mapira, kuwavundikira mpaka atatulutsa timichira toyera, kuyanika, kenaka n'kugulitsa kwa amayi ofulula pito, mowa wa mapira wa kumeneko, m'tauni yonse ya Tampiiri. Kufulula kwenikweniko anasiya kale, phewa litayamba kukana mthiko. Koma lilime lokha silinakalambe. Mayi aliyense akaphula mowa ankayamba watumiza chipanda kwa Perpetua. Iye akangoviika milomo ankatchula mtengo wa nkhuni zimene zasonkhezeredwa, mjigo umene madzi atungidwa, ngakhalenso zoti wofululayo anagona atakangana ndi mwamuna wake. Akanena kuti, "Uwu ndi mowa," amuna ankanyamula mipando kuthamangira komweko, ndipo mbiya zinkauma dzuwa lili pamutu. Akangopukusa mutu, mowawo unkathera nkhumba.

Madzulo amenewo kunkawomba mphepo ya fumbi, ija yong'amba milomo. Inabwera ndi fungo la phala la mowa likubwata, fungo lolemera, lotsekemera. Perpetua anadzutsa mutu. Linali Lachitatu, ndipo kudera kwawoko kunalibe mayi amene ankaphika Lachitatu. Fungolo linkachokera kuseri kwa siteshoni ya malole, kunyumba yamalata ya Cletus. Anayang'anitsitsa. Pachumuni panalibe utsi ngakhale wa ndudu.

Njinga yamoto inaima pansi pakhomo.

"Amayi aang'ono! Muli pamwambapo?"

"Umafuna ndikhale kuti, kumwamba kwenikweniko? Kwera ngati uli ndi mawu."

Cletus sanakwere. Anaima poteropo atagwira chipewa, akulankhula ndi khoma.

Anali mwana wa malemu mlamu wake. Anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pafakitale ya mowa ku Kumasi, nabwerako ndi matanki atatu onyezimira ndi makina otsekera mabotolo. Ankati pito wa kwawo adzamuthira m'botolo, amumate pepala lokongola, kuti amwedwe mpaka m'mahotela a kumzinda. Miyezi isanu m'mbuyomo anaitana tauni yonse kudzalawa mowa wake woyamba. Perpetua anamwa kamodzi, nalavula pafumbi anthu onse akuona.

"Mwana wanga, awa ndi madzi otsukira chitini," anatero tsiku limenelo. "Mulibe dzanja la munthu umu. Ukafuna kudziwa mowa, pita ukagwade kwa Scholastica."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pabenchi. Cletus anatseka chitseko chake, nasowa milungu itatu. Ena ankati wabwerera ku Kumasi, ena ankati anamuona akuwoloka mtsinje pabwato.

"Loweruka ndikutsegulanso," anatero tsopano. "Mubwere mudzalawe. Inu ndi aphunzitsi a Gervase."

"Manyazi aja sunakhute nawo?"

"Mungobwera, amayi."

"Chimera ukugula kuti? Kwa ine sunabwere."

Mnyamatayo anavala chipewa, naliza njinga yake.

Loweruka anthu anadzaza pansi pa mtengo wa nimu, pakhomo pa nyumba yamalata ija. Panali tebulo loyalidwa nsalu, nyama ya nkhanga yootcha ndi tsabola, ndi mabotolo a pepala lachikasu ali ndandanda. Aphunzitsi a Gervase, amene anapuma pantchito ya uhedi koma osapuma kupereka mamalikisi, anabwera ndi kope ndi cholembera chofiira. Anakweza tambula kudzuwa, natsinzina diso limodzi.

"Mtundu wake ngati uchi wa m'phanga. Thovu laima ngati msilikali. Fungo..."

"Imwani, aphunzitsi!" wina anakuwa kumbuyo. "Si mayeso awa!"

Anamwa. Anamwanso, ndipo kope lija analiiwala pamwendo.

Perpetua anakana tambula. Anatulutsa chipanda chake m'nsalu, nachitambasulira Cletus. Mowa utangofika pamsonga ya lilime, anauzindikira. Choyamba kunabwera kukoma kwa mapira, kenaka kakupserera kakang'ono, ka mphika umene wausiya dala pamoto mpaka pansi pake patada pang'ono. Pomalizira, kukhosi, kunatsalira kakuwawasa ka bwemba. M'dziko lonse munali mayi mmodzi yekha, Scholastica, amene ankapsereza choncho n'kuponyamo kachidutswa ka bwemba, chinsinsi chimene sanauze ngakhale ana ake. Perpetua anali atamwa mowa wa dzanja limenelo kuyambira onse awiri ali atsikana.

Koma Scholastica anali atamwalira milungu isanu ndi iwiri yapitayo. Perpetua anakhala pamaliropo masiku atatu. Anamuona ndi maso ake atakhazikidwa pansanja ya maliro monga mwa mwambo wa kwawoko, atavekedwa nsalu yake ya paukwati, mangolongondo akulira usana wonse. Anaponya yekha dothi m'manda.

"Tiuzeni, amake Fidelia!" anthu anayamba kukuwa. "Ndi a chitini aja?"

Anayang'ana Cletus. Mnyamatayo ankayang'ana nsapato zake. Perpetua anafuna kunena zina, koma m'moyo mwake anali asananamizepo chipanda.

"Uwu ndi mowa," anatero, mawu ake ali pansi.

Nthungululu zinalira. Pofika masana mabotolo onse anali atatha.

Pobwerera kunyumba, mwana wake Fidelia anamugwira mkono. Fidelia anali mayi wa ana awiri, mwamuna wake ali kumigodi ya golide kummwera, ndipo ankafulula pito pambali pa nyumba ya amake.

"Amayi, chavuta n'chiyani?"

"Ndi wa Scholastica uja."

"Mwati chiyani?"

"Mowa uja. Ndi dzanja la Scholastica."

Fidelia anaseka pang'ono. "Si munamutuma nokha kuti akagwade? Ndiye kuti anapitadi, anamuphunzitsa asanamwalire."

Perpetua anagwiritsa mawu amenewo ngati munthu wogwira udzu pomira. Anagona nawo milungu iwiri.

Koma tauni inayamba kunong'ona. Mlonda wa pasiteshoni ya malole anasiya ntchito, nauza mkazi wake kuti kuseri kwa malata kumamveka mthiko ukukanda mphika, kwee, kwee, mpaka tambala woyamba, ndipo nthawi zina wina amatsokomola kachifuwa kouma. Amayi olawirira kumjigo ankapeza pansi patanyowa kale, chogwirira chili chofunda, ndi mapazi opanda nsapato olunjika kwa Cletus. Obwerera kunalibe. Agalu ankati akafika pamtengo wa nimu ankapinda mchira n'kuzungulira kutali. Ogulitsa nkhuni ankafunsana kuti mnyamatayo amagula kwa ndani, ndipo wa mapira aliyense ankaloza mnzake. Komabe Lachisanu lililonse lole inkabwera kudzanyamula makireti, ndipo amene ankanong'ona m'mawa ndi omwewo ankaima pamzere madzulo.

Tsiku lina la msika, amayi ogula chimera atamuzungulira, wina anafunsa mongocheza:

"Nanga poti a Scholastica anatisiya, watsala ndani wodziwa moto?"

"Ayuo," anayankha Perpetua, akuyeza chimera m'beseni. "Enanu mumangotenthetsa madzi."

Amayiwo anaseka, Ayuo nabisa nkhope m'nsalu. Anali mayi wamphamvu, wa mikono ngati ya mwamuna, amene ankasenza yekha mbiya yodzaza.

Patapita masiku khumi, Ayuo anafika m'mawa kwa Perpetua akukoka miyendo. Anakhala pansi osadikira mpando.

"Amayi, taonani izi."

Anatambasula zikhatho. Zinali ndi matuza, ena ophulika, ena atsopano, mzere wake wa mpini wa mthiko.

"Waphika mbiya zingati, iwe?"

"Sabata ino sindinakoleze moto. Ndimagona ndi nkhuku, koma ndimadzuka ngati ndalima munda wonse. Tanunkhizani kumutuku."

Perpetua anawerama. Tsitsi linkanunkha utsi ndi phala la mowa.

"Ndipo mchere sindikuumva," Ayuo anapitiriza, akunong'ona. "Dzulo ndinanyambita wodzaza supuni. Ngati mchenga. Amayi, ndikupita kuti ndikagona?"

Kuchipatala anamuyeza magazi, namupatsa mapiritsi a kutopa. Apongozi ake anapha nkhuku kwa woombeza, nkhuku inagwa chafufumimba, woombezayo n'kubweza malipiro ake. Ayuo ankafota ngati masamba a therere padzuwa, mikono ija n'kusanduka timitengo. Tsiku lachisanu ndi chinayi anapempha madzi, nati, "Nkhuni zatha," n'kutsirizika.

Mangolongondo atangoleka kulira, kwa Cletus kunatuluka botolo latsopano la pepala lofiira. Aphunzitsi a Gervase ndi amene analibweretsa, akumwetulira, kope lili m'khwapa.

"Uwu ndaupatsa asanu ndi anayi pa khumi. Koma ndati ndimve kwa eni ake lilime."

Perpetua sanafune, koma dzanja linapita lokha. Mowawo unayamba mofatsa ngati thobwa, kenaka n'kuluma kukhosi mwadzidzidzi, monga ankachitira wa Ayuo yekha, yemwe ankaphika kawiri pamoto waukali. Anaika chipanda pansi pang'onopang'ono. Anakumbukira tsiku la msika lija. Anakumbukiranso tsiku lolavula pafumbi. Akazi awiri anali m'manda, ndipo onse awiri anawatchula ndi pakamwa pake.

Anawauza aphunzitsi zonse, kuyambira pa bwemba mpaka pa matuza. Mkuluyo anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

"Amake Fidelia, mawu amenewa ndi olemera. Mnyamatayu ndi wa m'nyumba mwanu."

"Ndikudziwa."

"Umboni wanu ndi lilime. Lilime tilitengera kwa apolisi?"

"Ndiye tingokhala?"

Sanakhale. Lamulungu, Misa itatha, aphunzitsi anasonkhanitsa amuna asanu ndi atatu, ena atanyamula zikwanje, napita kunyumba yamalata dzuwa lili paliwombo. Cletus anawatsegulira osafunsa. M'katimo munali mwaukhondo ngati m'chipatala. Matanki anali ozizira. Panalibe phulusa, panalibe thumba la mapira, panalibe ngakhale ntchentche. Amunawo anagogoda matanki, nasuzumira kuseri, nayang'anana mwamanyazi. Wina anatsegula botolo limodzi kuti aone ngati muli kanthu, ndipo posakhalitsa onse anatuluka atapanira awiriawiri m'khwapa.

"Nsanje ya akazi okalamba," wina anatero panja. "Mnyamata wabweretsa ntchito ndi dzina m'tauni muno."

Perpetua anatsalira. Apa m'pamene anamuona bwino Cletus. Lamba anali ataboola mabowo ena awiri, maso atalowa m'kati.

"Unapita kuti milungu itatu ija?"

Mnyamatayo anakhala pa kireti. "Ndinawoloka mtsinje. Ndinali ndi manyazi, amayi. Anthu anandilondolera kwa bambo wina amene amagulitsa zotupitsira mowa. Ndinangomuuza kuti kwathu akuti mowa wanga ulibe dzanja. Anaseka, nati, 'Pita, dzanja likupeza.' Sanandipatse kanthu. Sanapemphe kanthu."

"Bwerera ukamuuze aleke."

"Ndapitako kawiri. Pamene panali nyumba yake pali chulu. Anthu a kumeneko akuti chulucho anachipeza makolo awo."

"Ndiye tseka!"

"Ndimatseka ndi maloko awiri. Magetsi ndinadula kalekale. Tsiku lina ndinatayira matanki onse m'ngalande. M'mawa ndinapeza adzaza, mabotolo atsekedwa, mapepala amatidwa. Mapepala amenewa sindidziwa amene amawasindikiza."

"Nanga ukugulitsiranji?"

Cletus anatembenuza zikhatho. Zinali ndi zipsera za matuza.

"Sabata imene ndinabweza lole, ndinadzuka chonchi."

Mu thanki yapakati munamveka kaphokoso, ngati madzi akudontha, kenaka kachifuwa kouma, kamodzi kokha. Onse awiri anamva. Palibe anatembenuka.

"Ndani amamvetsera ndikamalankhula?" Perpetua anafunsa.

"Sindikudziwa, amayi aang'ono. Ndikanadziwa ndikanakuuzani."

Kuyambira tsiku limenelo Perpetua anasiya kulawa. Zipanda zikabwera ankazibweza zodzaza, akumati mano akumupweteka. Amayi ena anakwiya, ena amene anamva mphekesera anasiya kufulula n'kuyamba kugulitsa mtedza. Koma m'bwalo lake lomwe, mbali ina ya khoma, moto unkayakabe. Fidelia anali atafika pamsinkhu umene dzanja la mkazi limakhazikika. Fungo lokha likamadutsa pakhoma, Perpetua ankadziwa kuti mwanayo wapeza njira yake.

"Leka kufulula," anamuuza.

"Ana adya chiyani? Bambo awo atha miyezi inayi osatumiza kanthu."

"Tigulitsa chimera limodzi."

"Kwa ndani, poti ofulula akutha? Amayi, a Scholastica anali ndi chifuwa kuyambira kale. Ayuo anadwala, anthu amadwala. Mwayamba kuopa botolo?"

"Fidelia, ndikukupempha."

"Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikudikira kuti mudzanene mawu amodzi pa mowa wanga. Lero mowawo wayamba kukoma, ndiye mukuti ndileke?"

Lachisanu lotsatira bwalo la Fidelia linadzaza kuposa kale. Amuna anakhala mpaka pa mitondo. Wina atakhuta anakuwa kuti, "Itanani amake! Atiuze ngati tikunama!" Ena anavomereza, akumenya zipanda pabenchi. Fidelia anatunga pambiya yapakati, nayenda mpaka pakhomo pa amake, nagwada, chipanda chili m'manja awiri. Anthu onse anamutsatira ndi maso.

Perpetua anaona kuti kukana sikuthandizanso. Mbiri inali itayamba kale kuyenda yokha. Analandira, namwa.

Anali asanalawepo mowa wotero. Unali wofewa ngati wa Scholastica, wolimba mtima ngati wa Ayuo, koma unali ndi kena kake kawokha, kakuzizira ka pansi pa mtengo mvula itangokata. Misozi inafuna kutuluka. Anaimeza, nasonkhanitsa mowawo m'kamwa, n'kulavula pafupi ndi mawondo a mwana wake.

"Ukundipatsa zotsukira mbiya pamaso pa anthu? Kathire nkhumba. Iwe dzanja ulibe, ndipo sudzakhala nalo."

Fidelia anakhala chigwadire, akuyang'ana malovu pafumbi. Kenaka anaimirira, nasiya chipanda pakhomo pomwepo, n'kulowa m'nyumba mwake. Amuna anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akutaya otsala m'zipanda zawo, ngati kuti sanali kuuyamikira posachedwa pomwepa.

Perpetua anatola chipanda chija kuti nkhuku zingagwetse, nalowa nacho kuchipinda. Anakhala pamphasa. Kuseri kwa khoma ankamva mwana wake akulira motsekereza pakamwa, ndipo mumtima anati, lira, bola ulire uli moyo. Kunja kunali kukadawala, ana akusewera mumsewu, wina akusinja patali. M'chipindamo munalibe munthu. Anayang'ana chipanda. Munatsala pang'ono pansi. Anati angotsuka kukhosi kumene kunauma ndi bodza lija. Anamwa, natsinzina, ndipo mawu anatuluka okha, apansipansi, osafika ngakhale pachitseko:

"Uwu ndiye mowa, mwana wanga."

Nsalu ya pakhomo inagwedezeka, mphepo kulibe. Pakona, pamene pankakhala mitsuko, wina anapuma mpweya wautali, wa munthu amene wadikira nthawi yaitali ndipo wamva chimene amafuna.

Perpetua anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anagubuduza mitsuko, nakutumula mphasa, natuluka kuzungulira nyumba. Kunalibe kanthu, koma mbuzi ikubzikula.

Masiku asanu anadutsa Fidelia osamulankhula. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anabwera yekha m'mawa, manja atawabisa m'nsalu. Anaima pakhomo ngati kamwana, nawatulutsa: zikhatho zinali ndi matuza.

"Amayi," anatero. "Amayi, ndakhululuka. Tsopano ndiuzeni chochita."

Perpetua anachita zonse zimene mayi angachite. Anaphwanya mbiya za mwana wake ndi munsi. Anaima pakati pa msika n'kukuwa kuti mowa wa Fidelia ndi woipa, woipitsitsa, mpaka anthu anayamba kunena kuti mutu wamuzungulira. Bambo mfumu anabwera ndi mafuta oyera, nadzoza zikhatho zija. Wosunga nthaka, mkulu wopereka nsembe za makolo, anathira phulusa kuzungulira nyumba. Perpetua anam'manga Fidelia mwendo ndi chingwe ku mwendo wake pogona. M'mawa chingwe chinali chomangika bwinobwino, koma matuza anali atawonjezeka, ndipo kumapazi kwa Fidelia kunali matope a kumjigo.

Anapita kwa Cletus kukagwada. Anapeza maloko awiri pachitseko. Njinga yake inapezeka pagombe la mtsinje, kiyi ali pomwepo, ndipo mwini wake sanaonekenso.

Pomaliza anamukweza Fidelia basi ya ku Kumasi, kwa mlongo wake wa Perpetua, ulendo wa tsiku lathunthu. Ankati mwina msewu ukatalika, chinthucho chitopa. Patapita masiku awiri foni inalira.

"Wafika bwanji?"

"Ndafika, amayi. Kuno kukugwa mvula." Fidelia anatsitsa mawu. "Ndawaona a Scholastica."

"Usanene zimenezo."

"Salankhula. Amangondilozera posonkhezera. Ayuo amatunga madzi. Amayi, m'katimo mumatentha."

"Amene amakutumani ndani? Wamuona nkhope?"

"Amaima kumbuyo. Satilola kutembenuka." Anapuma movutika. "Ana muwasamale. Wamng'onoyo sakonda tsabola."

Mtembo wa Fidelia unabwera pa galimoto yobwereka, utakulungidwa m'nsalu. Perpetua anakhala pansi pa nsanja masiku atatu osalira mokweza. Anthu ankamuyang'ana cham'mbali, akukumbutsana mmene anamulavulira mwana wake pamaso pa gulu. Aphunzitsi a Gervase anabwera, naima patali, chipewa chili pamtima, nachoka osamupatsa moni. Kope lawo anali atalitentha.

Nyumba yamalata inakhala yokhoma. Udzu unamera pakhomo. Koma Lachisanu lililonse m'mawa makireti ankapezeka atasanjidwa pansi pa mtengo wa nimu, ndipo lole inkabwera. Dalaivala atafunsidwa kuti amatumidwa ndi ndani, anati amangolandira uthenga pafoni. Achinyamata ena anathira petulo pamalata n'kuyatsa. Moto unanyambita khoma, n'kuzima wokha, ndipo amene anagwira machesi anadzuka m'mawa manja atatupa. Sanayesenso. Mlungu wachitatu chiikireni maliro, m'makireti munapezeka mabotolo a pepala lobiriwira. Amene anamwa ankati oyamba aja anali masewera.

Perpetua anapirira mwezi wathunthu. Ankadutsa pagolosale atayang'ana kumbali. Ankaphikira adzukulu ake, kuwasambitsa, kuwaperekeza kusukulu, osalankhula zambiri ndi munthu. Koma tsiku lina masana miyendo inamutengera yokha pakauntala. Mwini golosale anamupatsa botolo la pepala lobiriwira osamuyang'ana kumaso.

Analowa nalo kuchipinda, natseka chitseko. Anathira m'chipanda. Anakhala nthawi yaitali akungoyang'ana thovu likuphwa, kenaka anamwa.

Fidelia analimo. Yense, ndi kuleza kwake, ndi kakuzizira kaja. Perpetua anasunga mowawo m'kamwa osafuna kumeza, ngati wagwira mwanayo padzanja. Koma lilime silinasiye ntchito yake. Pansi pa kukomako panali kakuwawa kosayenera, ka utsi wokhuthala umene umakwirira mphika moto ukamakana. Anamwanso kuti atsimikize.

"Nkhuni zaziwisi," ananong'ona. "Akukupatsa nkhuni zaziwisi. Utsi ukukulowa m'maso, mwana wanga."

Anatenga nkhwangwa ndi nkhata. Anayenda mpaka kutchire la kutsidya kwa manda, kumene kunagwa mtengo chaka chatha, nawaza mpaka phewa lija linachita dzanzi. Anasankha zouma zokhazokha, zolira ngati fupa ukazigunditsa, namanga mtolo umene mkazi wa msinkhu wake sayenera kusenza. Dzuwa likulowa anadutsa nawo pakati pa tauni. Anthu pamabenchi anatsitsa mabotolo awo, namuyang'ana mpaka atakhota kuseri kwa siteshoni. Anatula mtolowo pakhomo lokhoma, nausendeza pafupi ndi chitseko kuti wotenga asavutike.

M'mawa nkhuni panalibe. Luzi lomangira linali litakulungidwa bwino, litaikidwa pamwala.

Lachisanu anagulanso botolo. Anamwa, nayendetsa mowa m'kamwa monse, kutsogolo, m'mbali, kukhosi. Utsi munalibe.

Anakhala pamphasa mpaka adzukulu atabwera kusukulu. Anawapatsa chakudya, wamng'onoyo chopanda tsabola. Kenaka ananola nkhwangwa.